Musakhuthule thanki yonse, chonde

Mwafunsa ngati n'zoona kuti madzi onse a m'thanki yowetera nsomba muzikhuthula sabata iliyonse. Ayi ndithu, zokhuthula madzi onse sabata iliyonse musayerekeze n'komwe. Amene wakuuzani zimenezo n'chimodzimodzi munthu amene anandigulitsa magoldfish (nsomba zoweta zokongoletsa m'nyumba) anga oyamba. Anandiuza motsimikiza kuti Loweruka lililonse ndizichotsa nsomba, kutaya madzi onse, n'kutsuka timiyala ndi siponji ya mu fyuluta (chosefera madzi) pampopi mpaka ziyere. Ndinamvera, poti iye ndi amene amakhala ndi nsomba tsiku ndi tsiku.

Usiku umene zinayamba kufa, madzi anali atachita mbuu ngati mwathiridwa mkaka. Nsomba zonse zinaunjikana pakona pamwamba, kukamwa yasa, zipsepse zitamatirira kuthupi. Yaikulu ija, imene inkadya m'dzanja langa, inagona chammbali pansi, m'mbali mwa mutu momwe imapumira mutafiira psuu. Ndinaikweza ndi kaukonde, inangogwedeza mchira kamodzi basi. Mwana wanga ali pambali kulira, ine kusowa pogwira. M'mawa mwake ndikupita kwa wogulitsa uja, iye akuti "mwina munazidyetsa kwambiri", n'kuyamba kundiloza nsomba zina zoti ndigule. Mpaka lero ndikamukumbukira mtima umandiwawa. Za klorini sanandiuzepo ngakhale kamodzi!

Madzi a pampopi amakhala ndi klorini, amene amawotcha zopumira za nsomba n'kupha mabakiteriya abwino amene amakhala mu siponji ndi m'timiyala. Mabakiteriyawo ndi amene amasandutsa amoniya, poizoni wa m'chimbudzi cha nsomba, kukhala nitrite, amenenso ndi poizoni, kenako nitrate, amene saopsa kwambiri. Mu thanki yatsopano amatenga masabata 4 mpaka 6 kuti achuluke. Ndiye tangoganizani, wogulitsa uja ankandiphetsa mabakiteriya onsewo sabata iliyonse, nsomba n'kumasambira mu poizoni.

Inuyo muzichotsa 20 mpaka 30 peresenti ya madzi kamodzi pa sabata. Kokani ndi kapayipi kuchokera pansi m'timiyala, poti nyansi zimabisala mmenemo. Nsomba zisiyeni momwemo. Madzi atsopano muziyamba mwathira mankhwala ochotsa klorini, ndipo akhale otentha mofanana ndi a m'thanki. Zongowasiya m'ndowa usiku wonse zimathandiza pa klorini yekha, koma ngati kwanuko amathira chloramine (mankhwala ena ophera tizilombo m'madzi a pampopi), sachoka choncho. Siponji ifinyeni m'madzi akale amene mwachotsawo, osati pampopi. Ndipo kuwonjezera madzi amene aphwera si kusintha ayi, nitrate amatsalira yense.

Koma mukadzaona zikupumira pamwamba ngati zanga zija, musadikire Loweruka. Chotsani theka la madzi pompo, mawa theka linanso, mpaka choyezera madzi chisonyeze amoniya 0. Ineyo pano ndimasintha pafupifupi theka sabata iliyonse, chifukwa magoldfish amadetsa madzi koopsa. Mwati zanuzo ndi zingati, nanga thankiyo ndi ya malita angati?