Kodi Wright ndi AADL zili ndi ntchito muno mu Lusaka?

Sabata yatha ndinalandira imelo ya mtsikana wina amene ali m'chaka chomaliza pa UNZA. Akuti m'kalasi aphunzira zilankhulo zofotokozera kamangidwe ka mapulogalamu a kompyuta, monga Wright ndi AADL, koma pakampani pomwe akuphunzira ntchito, chakufupi ndi Cairo Road, palibe anazimvapo. Wafunsa ngati akungotaya nthawi.

Mchemwali wanga, zimene mwaonazo si za Lusaka yekha ayi. Wright anamupanga ku Carnegie Mellon m'zaka za m'ma 1990, Darwin ku Imperial College ku London, Rapide ku Stanford, ndipo zambiri mwa izi zinathera m'mayunivesite momwemo. AADL ndiye inatuluka panja. Bungwe la mainjiniya a magalimoto ndi ndege la SAE linaikhazikitsa mu 2004, ndipo imagwira ntchito makamaka kwa opanga ndege, kumene uthenga ukachedwa pang'ono pokha anthu angathe kufa. Injiniya amalemba kuti ntchito yakutiyakuti iziyenda pa purosesa iti, kangati pa sekondi, kompyuta n'kuwerengera ngati nthawi ikwanira chipangizocho chisanapangidwe n'komwe. Makampani ena onse ambiri amangojambula mabokosi oimira zigawo za pulogalamu ndi mivi yosonyeza mmene zigawozo zimatumizirana mauthenga, kapena kutapako pang'ono pa UML, njira yodziwika yojambulira mapulogalamu, yomwe inavomerezedwa mu 1997.

Koma musataye kope lanu la Wright. Ndinagwirapo ntchito pakampani ina yolandira malipiro kudzera pa foni. Kamangidwe konse tinakajambula pabolodi, wina n'kujambula chithunzi ndi kuponya pa gulu la WhatsApp, basi. Panali muvi umodzi wochoka pa USSD (manambala aja oyamba ndi * n'kuthera pa # amene timaimba pafoni) kupita ku bokosi la malipiro, wopanda mawu aliwonse. Mnzathu amene anaujambula atasiya ntchito, palibe ankadziwa ngati pulogalamu imadikira yankho kapena imatumizanso pempho netiweki ikadula. Inkatumizanso. Mayi wina wogulitsa ku Soweto Market anadulidwa ndalama kawiri tsiku limodzi, ndipo anabwera yekha ku ofesi foni ili m'manja, mauthenga awiri ali pomwepo. Mpaka lero zimandiwawa.

Chimene chilankhulo cha Wright chimaumirira n'chomwecho: muvi uyenera kufotokozedwa mofanana ndi bokosi. Ndani amayamba kulankhula, ndani amadikira, nanga winayo akakhala chete chichitike n'chiyani?

Pantchito ya tsiku ndi tsiku, phunzirani C4, njira yojambulira kamangidwe ka pulogalamu imene anayambitsa Simon Brown. Imayambira patali, pomwe pulogalamu yonse ndi bokosi limodzi pakati pa anthu oigwiritsa ntchito, n'kumayandikira m'magawo anayi mpaka kufika pa code. Magawo awiri oyamba nthawi zambiri amakwanira. Zojambulazo zilembeni ndi PlantUML kapena Mermaid, mapulogalamu osandutsa mawu olembedwa kukhala chojambula, muzisunge mu Git, mosungira code ndi mbiri ya kusintha kwake, pamodzi ndi code, kuti wosintha chimodzi aone chinzakecho.

Lolemba mukapita kuntchito, pemphani akulu anu akuonetseni chojambula chilichonse chimene ali nacho, musankhepo muvi umodzi, muwafunse mwaulemu chimene chimachitika uthengawo ukapanda kufika.