Wondikonzera webusaiti akukana kundibwezera dzina la bizinesi yanga

FUNSO: Zikomo akonzi. Ndine telala, ndili ndi shopu ku Mayfair kuno ku Joni. Mnyamata amene anandikonzera webusaiti analembetsa adiresi yake ya .co.za m'dzina lake, ine osadziwa. Pano tasemphana mawu, ndiye akuti ndimupatse R15,000, apo ayi aigulitsa kwa telala wina. Kampani yanga ndinalembetsa ku CIPC, ofesi ya boma yolembetsa makampani. Kodi satifiketi imeneyi siyokwanira?
Mayi wa ku Mayfair

YANKHO: Pepani mayi, satifiketi ya kampani payokha siyikupatsani umwini wa adiresi ya pa intaneti, komanso si trademark (dzina kapena chizindikiro cha malonda chotetezedwa ndi lamulo). Ambiri amapunthwa pomwepa. Chimene chingakuimireni ndi umboni woti anthu amakudziwani ndi dzinalo. Sonkhanitsani mabuku a malisiti okhala ndi dzina la shopu, zithunzi za chikwangwani cha pakhomo, timalebulo timene mumasokerera pakolala, tsamba lanu la Facebook, ndi umboni wa ku banki woti ndinu munalipira webusaitiyo. Uthenga wa pa WhatsApp wotchula R15,000 uja musaufufute. Ujambuleni lero lomwe, deti ndi nambala yake zikuoneka. Kulembetsa dzina la mwini wake n'cholinga chomugulitsa pamtengo woposa zimene unawononga ndi chimodzi mwa zimene malamulo amazitcha abusive registration.

Sikuti mpaka kukhoti ayi. Maina a .za amayang'aniridwa ndi bungwe la ZADNA, ndipo kuyambira 2006 pali malamulo othetsera mikangano yotere pa mapepala okha. Dandaulo limapita ku SAIIPL kapena ku AFSA, mabungwe ovomerezeka kuweruza mikangano imeneyi. Muyenera kuonetsa zinthu ziwiri: kuti muli ndi ufulu pa dzina lofanana ndi adiresiyo, komanso kuti winayo analilembetsa kapena akuligwiritsa ntchito mokupondererani. Iye amapatsidwa masiku 20 a ntchito kuti ayankhe, ndipo nkhani ili mkati adiresiyo imatsekedwa, sangaigulitse. Kuti dandaulo liweruzidwe ndi woweruza mmodzi mtengo wake ndi R10,000, atatu ndi R24,000. Mukapambana adiresi imasamutsidwira kwa inu, koma ndalamazo sizibwerera. N'chifukwa chake ife tikuti yambani ndi kalata ya loya. Mnyamatayo akatsika kufika pa ndalama yochepa, vomerani, bola mulipire adiresi italowa kale m'dzina lanu. Ngati thumba silikulola, funsani ku ZADNA za thandizo limene amapereka kwa osowa ndalama zolipirira dandaulo.

Dandaulo lanu lingagwe ngati lingaoneke ngati mkangano wa ngongole chabe. Ngati muli naye ngongole ya ntchito, ilipireni kaye ndipo musunge lisiti.

Trademark nayo musaizengereze. Imalembetsedwa ku CIPC komweko pa fomu ya TM1, R590 pa gulu lililonse la katundu kapena ntchito. Magulu alipo 45: zovala zili mu gulu 25, ntchito yosoka mu gulu 40. Fufuzani kaye ngati wina sanatenge kale dzina lofanana. Zimatenga nthawi, zaka ziwiri si zachilendo, koma ufulu wanu umawerengedwa kuchokera tsiku limene munapereka fomu, ndipo imakhala zaka 10 musanaikonzenso. Dziwaninso kuti imathera m'malire a South Africa. Mukafuna kutsegula shopu ku Limbe kapena ku Mzuzu, mukalembetsenso kumudzi ku ofesi ya boma yolembetsa ma trademark.

Adiresi ikabwerera, imelo yolembetsera ikhale yanu, pasiwedi muisunge nokha, ndipo tsiku lolipira chaka chilichonse mulilembe pakalendala ya m'shopu. Ikatha osalipira, imabwerera pamsika ndipo aliyense akhoza kuitenga.