Kodi Aroma ankavota? Nanga Kaisara anamusankha ndani?

Mmodzi mwa owerenga wanditumizira imelo yofunsa kuti: "Ndinamva kuti Aroma akale ankasankha okha atsogoleri awo. Nanga Kaisara Augustus amene timamuwerenga mu Uthenga Wabwino wa Luka anamuvotera ndani?"

Zikomo akuluakulu. Kuvota ankavotadi, kwa zaka pafupifupi 500, kuyambira pamene mbiri yawo imati anathamangitsa mfumu yomaliza, Tarquinius Superbus, mu 509 BC. Koma voti ya mwinichuma ndi voti ya mmphawi sizinkalingana mphamvu, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani yonse.

Chaka chilichonse ankasankha akuluakulu awiri otchedwa ma consul, oti alamulire chaka chimodzi chokha, aliyense ali ndi mphamvu yoletsa zimene mnzake walamula. Ovota anali amuna okhaokha omwe anali nzika. Amayi ndi akapolo analibe mawu. Pa kalembera munthu ankaulula chuma chake, ndipo potengera chumacho ankamuika m'gulu lake. Magulu onse analipo 193, ndipo powerenga ankawerenga magulu, osati anthu: gulu lililonse voti imodzi, kaya muli anthu ochepa kaya ambirimbiri.

Tsono taonani kagawidwe kake. Olemera kwambiri, aja ankapita kunkhondo pa akavalo, anali ndi magulu 18. Otsatira pa chuma anali ndi magulu 80. Kuphatikiza ndi 98, pamene kuti munthu apambane ankangofuna 97. Anthu opanda kalikonse, ngakhale anali ochuluka, onse anawaunjika m'gulu limodzi. Pambuyo pake magulu 80 aja anawachepetsa kufika pa 70, koma zinthu sizinasinthe kwenikweni, chifukwa olemera ndiwo ankayamba kuvota, zotsatira zikulengezedwa pomwepo, ndipo mipando ikangodzaza chisankho chinkathera pompo. Mmphawi ankatha kuima padzuwa kuyambira m'mawa n'kubwerera kwawo asanaponye voti. Panalinso kukondera achikulire: a zaka 46 kupita m'tsogolo anali ndi magulu ofanana chiwerengero ndi a anyamata, chonsecho achikulirewo anali ochepa.

Chisankhochi chinkachitikira pabwalo la Campus Martius, kunja kwa malire a mzinda, mumpanda umene ankautcha khola la nkhosa. Poyamba munthu ankatchula mokweza dzina la amene akumufuna, bwana wake akumva. Voti yachinsinsi inabwera mu 139 BC: ankalemba pa kathabwa kopaka phula n'kuponya mudengu. Ziphuphu sizinathe, zinangofuna anthu apadera ogawa ndalama m'magulumo. Ndipo mkulu wa boma akanena kuti waona malodza kumwamba, monga mphenzi, msonkhano unkayenera kuimitsidwa tsiku limenelo. Consul wina dzina lake Bibulus anayesa njira imeneyi polimbana ndi consul mnzake Julius Caesar mu 59 BC, koma Caesar sanamulabadire.

Anthu wamba sanali opanda pogwira. Anali ndi msonkhano wina wovota motsatira zigawo 35, ndiponso owaimira khumi otchedwa ma tribune, amene ankatha kuletsa lamulo lililonse, ndipo kuwakhudza unali mlandu waukulu. Komabe amphawi ambiri a mumzinda anawalemba m'zigawo zinayi zokha. Zina 31 zinali zakumidzi, ndipo wakumudzi wotha kusiya munda n'kuyenda masiku angapo kukavota ku Rome anali yemwe ali ndi antchito omulimira.

Ine ndimaona kuti vuto lalikulu linali limeneli: dongosolo lopangidwira mzinda umodzi linkalamulira maiko ambiri. Nkhondo ya 91 mpaka 88 BC itapatsa anthu a mu Italy unzika, kalembera wa 70 BC anapeza amuna oposa 900,000, koma malo ovotera anali amodzimodzi omwe aja. Nthawi yomweyo asilikali osauka anayamba kuyang'ana kwa mtsogoleri wawo wankhondo, osati kuboma, kuti adzawapatse malo olima akapuma. Mtsogoleri wankhondo Sulla analowa mu Rome ndi asilikali mu 88 BC, Caesar naye anawoloka mtsinje wa Rubicon ndi asilikali ake kulowera ku Rome mu 49 BC, ndipo ataphedwa mu 44 BC nkhondo zinapitirira mpaka mdzukulu wa mlongo wake, amene iye anamutenga ngati mwana, anagonjetsa mtsogoleri wankhondo Antony ndi Cleopatra, mfumukazi ya ku Egypt, ku Actium mu 31 BC. Ameneyo ndiye Augustus wanu.

Mpando wa Kaisara palibe anamuvotera, chifukwa mpando wotero kunalibe. Iye anachenjera osadzitcha mfumu, podziwa chimene chinaphetsa Caesar. Mu 27 BC anati wabweza ulamuliro kwa bwalo la akuluakulu lotchedwa Senate ndi kwa anthu, koma anatsala ndi madera omwe munali asilikali ambiri: Gaul, Spain ndi Syria, kuphatikizapo Egypt kumene kunkachokera tirigu. Mu 23 BC anasiya kukhala consul chaka ndi chaka, n'kulandira mphamvu za tribune kwa moyo wake wonse. Mphamvu iliyonse payokha inali yodziwika kale m'malamulo. Chachilendo chinali kuziunjika pa munthu mmodzi, popanda tsiku lozitula.

Ma consul anapitiriza kusankhidwa, ambiri mwa iwo ali omwe Kaisara wawaloza. Tiberius atalowa m'malo mwa Augustus mu AD 14, kusankha kunasamukira ku Senate, msonkhano wa anthu n'kutsala wongovomereza. Ngakhale Senate yomweyo mphamvu zake zinali ndi polekezera. Kaisara wotsatira, Caligula, ataphedwa mu AD 41, akuluakuluwo anakhala pansi kukambirana zobwerera ku ulamuliro wakale. Akadali mkati mokambirana, asilikali olondera Kaisara anatenga Claudius, wachibale wa Caligula, n'kupita naye kumsasa kwawo, iye anawalonjeza ndalama za sesterce 15,000 aliyense, ndipo Senate inangovomereza kuti ndiye Kaisara.