Timu ya amayi ya ku Kasungu iyambe yakopa owonerera isanamange bwalo

Bambo, mwafunsa ngati n'chanzeru kuti timu ya mpira wamiyendo ya amayi ya kuno ku Kasungu iyambe kusonkha ndalama zomangira bwalo lakelake. Ine ndikuona kuti nthawi yake sinakwane, chifukwa womanga bwalo amayamba waona kuchuluka kwa anthu amene akubwera kudzaonera mpira.

Ambiri amatchula Kansas City Current, timu ya amayi ya ku America kumene Temwa Chawinga amasewera, koma bwalo lawo lokhalamo anthu 11,500, lomwe linatsegulidwa mu 2024, linamangidwa ndi eni timu achuma chambiri. Ife tiyambire pa Kasungu Stadium. Akuluakulu a timu akambirane ndi oyang'anira bwalolo kuti atsikana azisewera amuna asanayambe, tikiti imodzi n'kuonera masewero onse awiri, ndipo ana asukulu azilowa pamtengo wotsika. Chiwerengero cha olowa pageti chizilembedwa mosamala, popeza makampani amene angathandize timuyi adzafuna kuchiona asanatulutse ndalama.

Chidwi cha anthu chakula chitengereni Scorchers, timu ya amayi ya dziko lino, chikho cha COSAFA cha mayiko a kumwera kwa Africa mu 2023. Ndalama zimene zingapezeke panopa zipite kaye ku zipinda zosinthiramo zovala ndi zimbudzi zoyenera amayi.