Kwa mphwanga wojambula wa ku Senga Bay: burashi musaisiye

Mphwanga, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati mumajambula zithunzi za penti pansalu ku Senga Bay, alendo achepa, mwini loji wina anatenga zithunzi zanu zisanu kuti akugulitsireni koma patha miyezi inayi osaona ngakhale tambala, ndiye mukuganiza zongosiya n'kulowera ku Johannesburg. Ine ndakhala ndikusema ziboliboli ndi kulemba zikwangwani kuno ku Salima kuyambira ndili mnyamata, ndipo nkhani yanuyi yandikhudza chifukwa njira imeneyi ndinaiyenda.

Za lojiyo, pitani nokha mawa lomwe, osati kutumiza uthenga pa WhatsApp. Tengani kope ndi cholembera. Werengani zimene zatsala pakhoma, muzijambule pa foni, kenako mulembe iwo akuona: zagulidwa zingati, pa mtengo wanji, akulipirani liti. Asayine. Akayamba kuzungulirazungulira, tsitsani zanu mubwere nazo kunyumba. Ine ndinataya mipando iwiri ya mlombwa ndi bawo mwanjira yomweyi. Manejala anachoka, wobwera m'malo mwake anati sakudziwapo kanthu, ndipo ndinalibe pepala loti ndiloze. Kusiya katundu pa loji si kulakwa, poti alendo amagona kumeneko. Kulakwa n'kusiya osalemberana gawo lawo ndi tsiku la pamwezi lowerengerana.

Koma chimene chimatidya ambirife si loji ayi, ndi mtengo. Timatchula mtengo poyang'ana nkhope ya wogula ndi njala ya kunyumba, osati poyang'ana ntchito. Mlendo akanena kuti wakwera, mtima umagunda, timatsitsa mpaka theka, madzulo n'kumakondwa kuti tagulitsa chonsecho tadya mpamba. Musanatchule mtengo, khalani pansi muwerengere: nsalu, penti, vanishi, matabwa a felemu, misomali, ndalama ya minibasi yokagulira zipangizo ku Lilongwe, ngakhale ya kabaza yopitira kunyanja. Pamwamba pake ikani masiku amene mwagwira. Dzifunseni kuti mmisiri womanga nyumba kwanuko amalandira zingati pa tsiku, ndipo inu musatsike pansi pa pamenepo. Zonse pamodzi ndiwo mtengo wanu wotsiriza. Wotchula kwa wogula ukhale pamwamba pake kuti mukhale ndi potsitsira. Wogula akafuna kutsika kupyola pamenepo, musonyezeni chithunzi chaching'ono. Chachikulucho chidikire mwini wake.

Ndipo mtengo uziyenda ndi kwacha. Penti wabwino ndi maburashi amachokera kunja. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zipangizo zinakwera sabata yomweyo, koma anzathu ena anakhalabe pa mitengo yakale miyezi yambiri poopa kuthawitsa makasitomala. Anagulitsa, inde, koma pobwerera kushopu ndalamayo sinakwanire kugula penti wofanana ndi amene anatha. Werengerani ndi mtengo umene mukagulire mawa, osati umene munagulira dzana.

Munthu akakupatsani oda, kaya ndi chithunzi cha ukwati, kaya cha malemu bambo ake, alipire theka musanagwire burashi. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Airtel Money ndi Mpamba zilipo, palibe chifukwa choti "ndidzakupatsa ndikadzabwera". Wokana kulipira theka poyamba ndi yemweyo amene adzakuvutitseni pomaliza. Ndalama ya zipangizo isagone m'thumba limodzi ndi ya ndiwo. Ine ndimaisunga pa nambala yakeyake, ndipo zotsala ndimaponya ku banki mkhonde. Katapila musamuyandikire.

Tsopano za alendo. Msika wawo ndi wa nyengo: amachuluka kukauma, makamaka kuyambira Juni mpaka Okutobala, ndipo mvula ikayamba kunyanja kumakhala zii. Zimenezi si zachilendo, ndi mmene chaka chathu chimakhalira, kotero wojambula wodalira azungu okha amafa ndi njala Januwale ndi Febuluwale. Ndalama ya miyezi imeneyo ili kwa anthu akwathu. Yendani pa Kamuzu Road muone mashopu, masaluni ndi malo odyera angati amene zikwangwani zawo zafufuta. Sukulu za mkaka zimafuna zilembo ndi nyama pakhoma, matchalitchi amafuna nsalu zolemba, eni maboti amafuna dzina pa boti lawo. Ena amati imeneyi si ntchito ya waluso. Ine ndikuti ndi imene inaphunzitsa ana anga, ndipo dzanja limene lalemba zikwangwani zambiri limawongoka.

Pakakhala chikondwerero cha zoimbaimba kunyanja, monga Sand Music Festival ikamachitikira ku Livingstonia Beach, konzani tizithunzi tating'ono totheka kulowa m'chikwama. Anthu a ku Lilongwe amagula, bola mtengo ukhale wofikirika ndipo nambala yanu ilembedwe kuseri.

Mukapeza ya thiransipoti, mukacheze ku Mua, ku KuNgoni, malo amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976. Si kutali ndi kuno. Mukaone mmene zosema ndi zojambula za kumeneko zimafotokozera miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao. Pa Senga Bay tonse timajambula dzuwa lomwelo ndi bwato lomwelo, ndiye wogula amangosankha wotsika mtengo. Jambulani zimene mukuzidziwa inu: amayi oyanika usipa pathandala, asodzi a ukonde wa chilimira akutuluka ndi nyali usiku, minda ya mpunga ya ku Lifuwu.

Dziwaninso kuti kugulitsa chithunzi si kugulitsa ufulu wochisindikiza pa malaya kapena pa kalendala. Ufulu umenewo ndi wanu pansi pa lamulo la 2016 loteteza ntchito za aluso, pokhapokha mutausayinira kwa wina. Sayinani chithunzi chilichonse, chijambuleni pa foni chisanachoke, ndipo mukapita ku Lilongwe mukafunse za umembala ku COSOMA, bungwe loteteza ufulu wa aluso pa ntchito zawo.

Za ulendo wa ku Johannesburg, sindikukuletsani, koma ndikupemphani mudikire nyengo imodzi ya alendo mukuchita zimenezi ndi kope m'manja. Mukabwerako kulojiko mudzatiuze mmene zayendera, ndipo ngati avuta ndiuzeni tidzapite limodzi Loweruka.