Laputopu yanga ikulira "ke-ke-ke", kodi yafa?

FUNSO: Akatswiri, laputopu yanga yatha zaka 6. Inayamba ndi kuchedwa kutseguka, kenako kumangouma pakati pa ntchito. Pano ikungolemba "Boot device not found" ndipo mkati mukumveka kaphokoso ka "ke-ke-ke". Batire linafa kalekale, ndimadalira chaja basi. Muli mayeso a ana ndi zithunzi za banja. Ndigule ina?
Mphunzitsi, Ntcheu

YANKHO: Aphunzitsi, musathamangire kugula ina. Chadwala ndi hard drive (kachipangizo kosungira mafailo), kompyutayo ikadali ndi moyo. Koma lekani kuiyatsayatsa kuyambira lero. Mkati mwa hard drive muli kambale kozungulira maulendo 5,400 pa mphindi, ndi kamkono kowerenga komwe kamayandama pamwamba pake osakhudza. Phokoso mukumvalo ndi kamkonoko kakulephera kupeza malo ake, ndipo mukamayatsa kamatha kukanda kambale kaja n'kuwononga mafailo. Batire lakufalo lathandizira vutoli: magetsi akazima, kompyuta imazima mwadzidzidzi ili mkati molemba. Kuinyamula ili yoyaka nakonso kumatha kupha hard drive.

Kuti mutsimikize, yatsani kamodzi kokha. Pa HP dinani Esc kenako F2, pa Dell dinani F12 n'kusankha Diagnostics. Ikanena kuti hard drive yalephera mayeso, nkhani yatha. Ikanena kuti sikuiona n'komwe, yambani mwaizula n'kuibwezera, chifukwa nthawi zina kamakhala kachingwe kokha komwe kakhwefuka.

Pogula cholowa m'malo mwa hard drive, gulani SSD, chosungira mafailo chamakono. Ilibe chozungulira, siopa mabampu a m'minibasi, ndipo kompyuta yakale imathamanga ngati yatsopano. Funsani ya SATA ya mainchi 2.5, yokhuthala mamilimita 7. Ya 256GB imakwana pa ntchito za kusukulu. Ngati zithunzi n'zambiri, tengani 512GB. Ndi bwino kupita ndi hard drive yakaleyo kusitolo, kuti asakugulitseni ya M.2, kaja kooneka ngati kandodo, pomwe kompyuta yanu ilibe polowetsa pake.

Posintha, zulani chaja n'kudina batani loyatsira masekondi 15. Masulani timasikulu tapansi ndi sikuludiraiva yaing'ono ya nyenyezi, n'kutiyala papepala motsatira malo ake, popeza sitifanana kutalika. Kakatali kakalowa malo olakwika kamaboola bolodi yamkati mwa kompyuta. Tina timabisala pansi pa timiyendo ta labala. Chivundikiro chikamakana, musachikakamize, pali kena komwe simunamasule. Mukatsegula, chotsani kaye kachingwe ka batire. Kokani hard drive cham'mbali, osati m'mwamba, ndipo chitsulo chomwe chaigwira muchisamutsire pa SSD.

SSD imabwera yopanda kanthu. Pa kompyuta ina, konzani fulashi ya 8GB ndi Media Creation Tool ya Microsoft (pulogalamu yoika Windows pa fulashi), ilowetseni mu laputopu yanu, ndipo poyatsa dinani F9 pa HP kapena F12 pa Dell. Ngati Windows yanu inali yovomerezeka, simulipiranso: ikalumikizidwa pa intaneti imadzizindikira yokha.

Za mayeso ndi zithunzi zija, gulani kachingwe ka SATA kopita ku USB, mulumikize hard drive yakaleyo ngati fulashi. Ikatseguka, koperani zofunika kwambiri poyamba, chifukwa mwina mwayi wake ndi umodzi wokha. Ikafunsa kiyi ya BitLocker (loko ya Windows yotsekera mafailo), kawirikawiri imakhala mu akaunti yanu ya Microsoft. Ikapitiriza kulira osaoneka, izuleni, ndipo musalole wokonza aliyense kuitsegula pabenchi lake. Kafumbi kamodzi n'kokwanira kumaliza zonse. Batirelo musinthenso tsiku lomwelo.