Dzimbiri la m'chigwiriro ndiye ndalama yake

Achimwene, mwafunsa mmene timagulira malupanga akale ku Japan n'kukawagulitsa ku Britain. Ine ndinayambira ku magalimoto, kenako kasitomala wina wa ku London anandituma lupanga, basi ndinakodwa.

Yambani ndi mapepala. Lupanga lovomerezeka ku Japan limayenda ndi kakhadi kake, torokusho. Lopanda kakhadi lisiyeni, ndi nkhani ya apolisi imeneyo. Kuti lituluke m'dzikomo, wogulitsa amapempha chilolezo ku Bunkacho, nthambi ya boma yoona za chikhalidwe, ndipo mumadikira masabata angapo. Ku Britain malupanga opindika otalika masentimita 50 kapena kuposa analetsedwa mu 2008, koma akale opangidwa 1954 isanafike amalowa, bola umboni wa zaka zake ukhale m'manja.

Koma pamene anthu amagwera m'mbuna ndi apa. Mukatulutsa kamsomali kansungwi kamene kamagwira chigwiriro, chitsulo cha m'kati chimaonekera. Amachitcha nakago. Chimakhala chakuda bii ndi dzimbiri, ndipo nthawi zambiri dzina la wosula limalembedwa pomwepo. Dzimbiri limenelo ndi limene akatswiri amaonera zaka za lupanga. Mnyamata wina amene ankandithandiza kulongedza analiona ngati uve, n'kulipala ndi sandipepa mpaka mbee, akuti akundikonzera katundu. Wogula atangoona chithunzi anabwerera m'mbuyo, ndipo ndinaligulitsa motaya. Sindinamukalipire kwambiri, poti kwathu khasu ladzimbiri timalinola.

Dzina lokha musalikhulupirire, ambiri ndi abodza, makamaka a osula otchuka. Funani chikalata cha NBTHK, bungwe la ku Japan lofufuza ndi kutsimikizira malupanga, limene linakhazikitsidwa mu 1948. Pa zikalata zawo, Hozon ndi gawo loyamba, Tokubetsu Hozon ndi Juyo zili pamwamba pake, mtengo nawonso umakwera chomwecho.

Kenako pendekani lupangalo pa nyali imodzi, muyang'ane hamon, mzere woyererako ngati mtambo umene umatsata kukamwa kwake. Timadontho tadzimbiri katswiri wonola amachotsa, ngakhale amalipiritsa modula. Koma mukaona kamng'alu kopyapyala ngati tsitsi kodutsa kukamwa, kamene amati hagire, libwezeni m'chimake, mulawire. Limenelo silichira.

Pogwira, gwirani ndi nsalu, chifukwa thukuta la chala limasiya dzimbiri. Potumiza muzilipaka timafuta ta choji, toteteza lupanga ku dzimbiri, pang'ono n'kuliika mu shirasaya, chimake chamtengo chosapaka utoto.